Atiuze zomwe akupeza akayeza madzi a ku Karonga

Akonzi,

Ndithokoze pondipatsa kampata kano. Ine ndimakhala ku Chibavi kuno ku Mzuzu, bizinesi yanga ndi ya mpunga wa Kilombero, ndimakawoda ku Karonga nkumagulitsa mumsika waukulu mutauni muno, ndiye nkhani ya madzi ndi nthaka ya kumeneko, komwe kuli mgodi wa yureniyamu wa Kayelekera, imandikhudza zedi.

Mwana wa achemwali anga amajambula anthu x-ray pachipatala china, ndipo pa yunifomu yake pamakhala kanthu kakang'ono ngati kabokosi ka machesi. Tsiku lina atabwera kudzatenga mpunga ndinamufunsa kuti iwe kameneka nkachani, iye akuti, "Malume, kameneka kamasunga kuchuluka kwa cheza chomwe chandilowa m'thupi, pakapita nthawi amakatenga nkukawerenga." Anandiuzanso kuti cheza chimenechi, chomwe iwo amati rediyeshoni, sichioneka, chilibe fungo, sungachimve pakhungu, umangodziwa ukayeza basi. Kuchokera tsiku limenelo ndakhala ndikuwerenga za nkhaniyi pafoni usiku, ndipo zomwe ndapeza zandisowetsa tulo.

Ambirife timadziwa za Hiroshima, koma kuli mabomba a nyukiliya ena omwe ankaphulitsidwa osati pankhondo ayi, eni ake ankati ndi a mtendere, a chitukuko. Dziko la Soviet Union linaphulitsa mabomba otere 124 pakati pa 1965 ndi 1988, ena pofuna kukumba madamu ndi ngalande, ena kufufuza miyala ya pansi, ena kuzimitsa moto wa gasi. Mu Januwale 1965 anaphulitsa limodzi ku Chagan, ku Kazakhstan, panatsala chidzenje chakuya pafupifupi mamita 100 chomwe chinadzaza madzi nkusanduka nyanja, ilipo mpaka lero ndipo m'mbali mwake cheza chikadalipo. Mu 1978 ku Yakutia, ku Russia, bomba lotchedwa Kraton-3 silinatsekeredwe bwino pansi, fumbi la poizoni linatuluka kunja nkupha mitengo ya m'nkhalango yapafupi, mitengo kungouma ili chiimire. Amerika nawo anali ndi pulogalamu yawo ya Plowshare, ku Rulison ku Colorado mu 1969 anaphulitsa bomba pansi penipeni kuti gasi azituluka wambiri, gasi anatulukadi koma anali ndi cheza moti sanamugulitse kwa anthu.

Chomwe chinandigwira mtima nchakuti zaka zoposa 50 zadutsa koma boma la Amerika limatumabe anthu kukatunga madzi ndi kuyeza m'madera ozungulira malo ngati Rulison. Amene anaphulitsawo ambiri anamwalira kalekale, Soviet Union yomweyo inatha mu 1991, koma poizoniyo sanathe nawo limodzi. Mwa mapoizoni a cheza otsala bomba likaphulika, cesium-137 amatenga zaka pafupifupi 30 kuti mphamvu yake itsike ndi theka lokha, strontium-90 chimodzimodzi ndipo ameneyu akalowa m'thupi amakakhala m'mafupa, pomwe plutonium-239 ndi zaka 24,000. Madzi a pansi panthaka amayenda pang'onopang'ono, lero mjigo uli bwinobwino, pakatha zaka 20 zinthu zasintha, ndiye ukasiya kuyeza udziwa bwanji?

Tsono wina anena kuti bambo inu, ku Malawi kuno sikunaphulikepo bomba. Nzoona, ndipo sindikufuna kuopseza anthu, mgodi si bomba ndipo zotsala zake nzosiyana. Koma tili ndi mgodi wa yureniyamu ku Kayelekera m'boma la Karonga, unatsegulidwa mu 2009, unaima mu 2014 mitengo itagwa pamsika wa dziko lonse, ndipo ntchito inayambiranso mu 2025. Miyala ikagayidwa nkuchotsamo yureniyamu, matope otsalawo amasungidwa mu damu pomwepo ndipo amakhalabe ndi cheza kwa zaka zikwizikwi, amatulutsanso mpweya wa radon womwe ukachuluka umayambitsa khansa ya m'mapapo. Mtsinje wa Sere uli pafupi, umakathira mu North Rukuru, North Rukuru nkukathira m'nyanja ya Malawi momwe timapeza usipa womwe tikudya kuno ku Mzuzu. Ndipo tisaiwale kuti Karonga kunachita zivomerezi zamphamvu mu Disembala 2009, nyumba zinagwa anthu nkumagona panja.

Ine mgodi sindikuukana, achinyamata athu akufuna ntchito ndipo dziko likufuna ndalama zakunja. Pempho langa likupita kwa a Atomic Energy Regulatory Authority, bungwe la boma loyang'anira za cheza lomwe linabwera kudzera mu lamulo la 2011, komanso aphungu athu a kumpoto kuno. Zotsatira za kuyeza madzi, nsomba, mpunga ndi fumbi zizituluka poyera pafupipafupi, zizimatidwa pa ofesi ya DC ndi kwa mafumu, zizilengezedwa pawailesi m'Chinkhonde, m'Chitumbuka ndi m'Chichewa, manambala ake akhale ofotokozedwa bwino kuti ngakhale agogo akumudzi amve kuti madziwa ndi abwino kapena ayi. Ayezenso anthu oima paokha, tili ndi Mzuzu University pompano, aphunzitsi ndi ophunzira a sayansi atapatsidwa zipangizo atha kumapita kukatunga madzi okha nkuyerekeza ndi zomwe ena apeza. Ndipo ndalama yoyezera mgodi ukadzatsekedwa iikidwe padera lero lino pomwe yureniyamu akugulitsidwa, chifukwa kampani imatha kugulitsidwa kapena kuchoka koma anthu a ku Karonga alibe kwina kopita.

Sabata yatha mayi wina kasitomala wanga anatapa mpunga m'dzanja, kuununkhiza monga amachitira onse, kenako anandifunsa motsitsa mawu kuti, "Achimwene, umenewu si wa kufupi ndi kumgodi kuja?" Ndinamuuza komwe ndimawoda, ndinamuuzanso kuti ana anga akudya womwewu tsiku ndi tsiku, anagula makilo awiri m'malo mwa asanu omwe amagula nthawi zonse. Ndikanakonda tsiku lina ndidzakhale ndi pepala la zotsatira pabenchi panga loti ndimuonetse.

Ine wanu,
Wogulitsa mpunga,
Chibavi, Mzuzu