Nkhanza zogonana zimasiya bala mwa anyamata nawonso

Akonzi,

Ndipatseniko malo m'nyuzipepala yanu ndilankhulepo za anyamata. Nkhani za atsikana ogwiriridwa timaziwerenga kawirikawiri, ndipo n'koyenera kutero. Koma kafukufuku wa nkhanza kwa ana amene anachitika m'dziko muno mu 2013 anapeza kuti pafupifupi mnyamata mmodzi mwa 7 alionse anachitidwapo nkhanza zogonana asanakwanitse zaka 18. Anyamata amenewo lero ndi eni mabanja.

Ndine mlangizi wa mabanja kutchalitchi kwathu, ndipo milandu ya chimasomaso ndi imene imatichulukira. Kwa amuna ambiri ndi dyera chabe. Koma alipo ena osiyana. Bambo wina, amene wandilola kunena izi popanda dzina, malipiro ake ankathera kumaresitihausi ndi mabandulo oonera zolaula pafoni mpaka kulira kwa tambala woyamba. Ankalumbira pamaso pa ankhoswe kuti wasiya, mwezi usanathe wabwerera. Tsiku lina onse atatuluka iye anatsalira, akupotokola chipewa m'manja. Anandiuza kuti ali Sitandade 3, mtsikana wantchito ankamuitanira kuchipinda makolo akachoka. Atauza mkulu wake, anangomuseka kuti, "Ndiwe dolo, wayamba msanga." Sanauzenso wina aliyense mpaka imvi zinamera. Mawu ake amene anandilasa mtima ndi awa: "Mayi, sindimvako kukoma. Ndikatha ndimadzida. Koma mtima ukangolemera ndimapezeka ndili komweko."

Mwana akalowetsedwa m'zimenezi, thupi lake limadziwa kugonana pamodzi ndi mantha, manyazi ndi chinsinsi. Ena akakula amathawirako pofuna kuziziritsa ululu, monga mmene ena amathawira ku kachasu. Bungwe la World Health Organization linaika vutoli pa mndandanda wake wa matenda umene unayamba kugwira ntchito mu 2022: munthu amalephera kudziletsa pa zogonana kwa miyezi 6 kapena kuposerapo, ngakhale akuona banja, ntchito ndi thanzi zikuwonongeka.

Ndisamveke molakwika. Amuna ambiri amene anachitidwa chipongwe ali ana sakhala otere, ndipo mbiri yowawa sichotsa mlandu. Mkazi amene wapatsidwa matenda, kapena amene ana ake abwezedwa kusukulu chifukwa fizi inapita kwa zibwenzi, walakwiridwa ndithu. Chimene chimandipweteka n'chakuti ife timangomuuza mayiyo kuti banja ndi kupirira, kwinaku tikuti mwamuna ndi kabudula amathera moyenda. Bamboyo timamudzudzula, kumupempherera, n'kumubweza kunyumba ali chimodzimodzi.

Ankhoswe, abusa ndi mashehe, mlandu wotere ukabweranso kachiwiri, mutengereni bamboyo pambali, mkazi ndi abale palibe, mumufunse modekha za ubwana wake. Akatsegula pakamwa musadabwe mokweza kapena kuseka. Pemphero lipitirire, koma mumuperekeze kwa odziwa za thanzi la maganizo, monga a St John of God ku Mzuzu ndi Lilongwe, kapena mukafunse kuchipatala cha boma chachikulu m'boma lanu.

Makolo, mnyamata akanena kuti wantchito, amalume, mphunzitsi kapena anyamata akuluakulu kugonero akumugwiragwira, mukhulupirireni tsiku lomwelo. Pitani naye kuchipatala ndi ku Victim Support Unit ya polisi, kapena imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana.

Mlangizi wa mabanja,
Lilongwe