Timu yanga ija umandifunsa

Aise,

Uli bwanji kumeneko, alamu ndi ana ali bwanji? Kuno ku Michigan ndili bwino, kwayamba kutentha moti munthu ukutha kutuluka opanda jekete. Voice note yako ndinaimvera ku ntchito, ija umafunsa za ma status ndimaika usiku okhudza Lions, ukuti unasaka pa intaneti nkupeza kuti mpira wa ku America panopa uli pa holide nde timu yangayo ikusewera kuti? Ndaona kuti pa voice note sindingamalize, bola ndikhale pansi ndikulembere kuyambira pachiyambi chifukwa nkhani imeneyi ili pamtima panga kwambiri.

Unapeza zoona, NFL, ligi yaikulu ya mpira wa ku America, imayamba mu September nkuthera pa fainolo yotchedwa Super Bowl mu February. Detroit Lions yeniyeni ilipo, imasewera pa Ford Field, koma yomwe ndimakambayo ili mu kompyuta. Tilipo anthu 32, aliyense ndi timu yake monga zilili mu NFL, ndipo timagwiritsa ntchito gemu ya Madden ya EA Sports koma palibe amene amagwira controller. Mkulu wa ligi, timamutcha commish, ndi amene amasunga ligi yonse pa makina ake. Ife timangomutumizira pa app yochezera ya Discord kuti ayambe ndi uje, uyu akhale pa benchi, tisewere mothamanga ndi mpira kapena moponya, tagulitsana uje ndi uje, kenako iye amasiya kompyuta isewere yokha mbali zonse ife tikuonera live. Ukangotumiza malangizo basi manja ako atha, umangoyang'ana ngati mlimi amene wadzala akudikira mvula. Sizoni imodzi imatitengera miyezi itatu kapena kuposerapo pang'ono, nde pa chaka timatha kusewera pafupifupi anayi.

Ndinalowamo mu December 2021. Ukukumbuka nthawi imene ija ndimakudandaulira kuti kuno kumada 5 koloko isanakwane, snow mbwee panja, ine ndimangochoka ku shifiti kupita mchipinda, kuchoka mchipinda kupita ku shifiti. Mnzanga wina wa ku ntchito anandiuza kuti akuyambitsa ligi ndipo kwatsala timu imodzi yomwe aliyense akuithawa. Inali Lions. Chaka chimenecho Lions yeniyeni inali itasewera magemu 11 osapambana ngakhale imodzi, kochi Dan Campbell atangofika kumene, ndipo inamaliza ndi mawini atatu okha. Ine malamulo sindimawadziwa nkomwe. Mnzangayo anatenga pepala nkundijambulira mu break room kuti anthu 11 uku 11 uku, uli ndi mipata inayi kuti usunthe mpira mayadi 10, ukakwanitsa akupatsanso inayi, ukafika kumapeto ndi touchdown mapointi 6, kumenyera pakati pa zitsulo zija ndi field goal mapointi 3. Kenako anandiuza mbiri ya timuyo ndipo apa mpamene inandigwira. Inayambira ku Portsmouth, katauni ka ku Ohio, ikutchedwa Spartans, nkusamukira ku Detroit mu 1934. Inatenga ukatswiri komaliza mu 1957, Super Bowl kusanabwere, ndipo mpaka lero sinaponde ku Super Bowl olo kamodzi. Mu 2008 inaluza magemu onse 16. Barry Sanders ndi Calvin Johnson, akatswiri amene dziko lonse limawavulira chipewa, onse anasiya mpira akadali ndi mphamvu opanda chikho. Koma anthu a ku Detroit sanaitaye, pa tchuthi cha Thanksgiving chaka chilichonse amadzaza bwalo. Ndinati ndipatseni yomweyo.

Mwezi womwewo John Madden, amene gemuyi inatengera dzina lake, anamwalira pa 28 December. Anali kochi wa Oakland Raiders amene anatenga Super Bowl mu January 1977, kenako wolengeza mpira pa TV zaka zambiri. Commish anaimitsa magemu tsiku limenelo ndipo anthu amalemba mmene anakulira ndi mawu ake. Ine ndimangowerenga, mlendo, koma ndinaona kuti anthu awa sakuchita zachibwana.

Sizoni yoyamba anandithidzimula, mawini 2 kuluza 15. Ubwino wake kuno kulibe zotsika ligi ngati kwathu, m'malo mwake timu yomaliza ndi imene imayamba kusankha pa draft, kuja amasankha achinyamata ochokera ku koleji, ma round 7. Mu ligi yathu achinyamata amenewo amapangidwa ndi kompyuta, dzina, nkhope, msinkhu, koleji, zonse. Nde ine ndili ndi pick yoyamba mmanja, ndinathamangira quarterback wina (ndiye amatsogolera timu nkumaponya mpira) wa dzanja lamphamvu, ndinangoona nambala ya mphamvu yoponyera basi osayang'ana nzeru zake zowerengera gemu. Jared Goff amene ndinamupeza pa timu ndinamugulitsa motchipa kuti mwanayu apeze malo. Ichi chinali cholakwa chachikulu ndipo chinandidyera masizoni awiri athunthu. Mwanayo amaponya mpira ngati mphenzi koma kuponyera adani, gemu ina anawapatsa kasanu. Ndinkagona mtima ukuwawa zenizeni.

Amene anandithandiza ndi mwini wa Packers, bambo wina wachikulire wa ku Wisconsin amene anapuma ntchito yoyendetsa mathiraki. Taganiza, tili gulu limodzi la NFC North pamodzi ndi Bears ndi Vikings, timakumana kawiri pa sizoni ndipo udani wake ndi ngati wa Maule ndi Manoma ako aja, koma iye anandilembera kumbali kuti mnyamata, usamange denga usanakumbe maziko, yamba ndi zimphona zisanu zakutsogolo zija zoteteza quarterback. Ndinali naye kale Penei Sewell, yemwe Lions yeniyeni inamusankha pa nambala 7 mu 2021, ndiye ndinamanga momuzungulira. Amon-Ra St. Brown anthu amandinyengerera tsiku ndi tsiku kuti ndimugulitse, ndinakana.

Sizoni yachinayi mpamene ndinamupeza munthu amene ndimamuika pa status uja wa nambala 9. Ndikukumbuka bwinobwino, inali 3 koloko mbandakucha mu break room, tiyi atazizira mu kapu, ine ndi kope langa la sukulu lija ndimalembamo mayina, ndikuyendetsa chala pa mndandanda wa ma quarterback amene aliyense wawadutsa. Round 5. Wamfupi, dzanja lake wamba, liwiro lilibe, koma pa kuponya molunjika pafupi ndi pa kusataya mpira manambala ake anali abwino. Ndinazunguliza dzina lake kawiri ndi bolopeni nkutumiza kwa commish belu la wodwala likulira mu kolido. Nthawi imeneyo ndinkamutcha Kamnyamata, pano ligi yonse imamutcha Mdala, anaphunzira kwa ine mawu amenewo ndipo azungu amawalemba bwinobwino pa Discord. Gemu yake yoyamba analowa wina uja atavulala, tili kumbuyo ndi mapointi 17, anatibweza pang'onopang'ono, mayadi 6 apa 8 apo, opanda matama, mpaka tinawina ndi field goal nthawi itatha. Ndinakuwa ndekha mchipinda mpaka neba anagogoda khoma.

Kuchokera apo tinayamba kukwera, mawini 7, kenako 10, kenako 13. Koma pakati pomwepo mpamene tinataya malume aja, iwe ukudziwa chifukwa ndiwe amene unandiyimirira kumaliro ku Ntcheu ine ndikulephera kubwera. Chimene sindinakuuze ndi ichi, masabata awiri amenewo sindinatsegule Discord nkomwe ndipo malamulo a ligi amati ukasowa osanena timu amapatsa wina. Nditabwerera ndinapeza commish amandiikira yekha timu, sanasinthe kanthu, Mdala ali pamalo pake. Mnzanga wa ku ntchito uja anali atawauza. Anasonkha kangachepe nkunditumizira, ena mwa iwo sindinawaonepo nkhope mpaka lero, samadziwa nkomwe kuti kwathu timati chipepeso koma anachita chomwecho. Mbali ya ndalama ndinakutumizira ya chimanga cha pamaliro ija inachokera kwa iwo. Nde ukamandiona ndikuikira mtima pa zimenezi uzidziwa pamene zinachokera.

Sizoni yachisanu ndi chiwiri tinafika ku Super Bowl ya ligi yathu, kukumana ndi Chiefs. Kwatsala mphindi ziwiri tikutsogola ndi mapointi 4, mpira uli kwa ife pakati pa bwalo, fourth down, mpata wachinayi womaliza uja, kwatsala mayadi awiri. Wanzeru aliyense amangoumenya mpirawo kutali kuti adani ayambire kumunsi, koma ine sabata yonse ija ndinali nditatumiza malangizo akuti timu izilimba mtima pa fourth down, nde kompyuta inamvera ine. Ndinaona anyamata akufola osatuluka mbwalo, mtima unangoti phaa. Mdala anaupereka kwa wothamanga, anamugwira kwatsala ngati chikhatho chimodzi. Chiefs inatenga mpira nkugoletsa kwatsala masekondi 20. Ndinazizidwa nkhongono, ndinakhala pamphepete pa bedi foni ili mmanja mpaka sikirini inazima yokha. Sindinadandaule kompyuta, chisankho chinali changa, ndipo mpaka pano ndimaonabe kuti kulimba mtima kumeneko ndi komwe kunatifikitsa ku fainoloko.

Zitatero kunabwera vuto la ndalama. NFL ili ndi salary cap, malire a ndalama zimene timu ingalipire osewera onse pamodzi, mu 2024 anali madola 255.4 miliyoni pa timu iliyonse, ndipo mu gemu momwemonso lamulo limenelo limagwira. Achinyamata ukawasankha pa draft amakhala otchipa zaka zinayi zoyamba, akachita bwino kontirakiti yachiwiri imakwera koopsa, nde anga onse anakhwimira pamodzi. Ndinayenera kusankha. Ndinasunga Mdala ndi Sewell, St. Brown ndinamulola apite ndipo tsiku limenelo nsima sinalowe. Masizoni awiri otsatira tinangokhala pakatikati.

Chodabwitsa nchakuti nthawi yomweyo Lions yeniyeni inadzuka. Mu January 2024 inagonjetsa Rams 24-23 pa Ford Field, kuwina koyamba mu ma playoffs, ndime yochotsana ija, kuchokera 1992, Goff yemwe uja ndinamutaya ine ndi amene amatsogolera ndipo bwalo lonse limaimba dzina lake. Kenako ku San Francisco anatsogola 24-7 pa half time nkuluza 34-31, ndipo anthu anamudzudzula Campbell chifukwa cha ma fourth down omwewo. Ku ntchito mmawa mwake aliyense anali ndwii, ine ndimawamvetsa kuposa mmene amaganizira chifukwa ululu umenewo ndinali nditaulawa kale miyezi ingapo mmbuyo. Sizoni yotsatira anawina 15 kuluza 2 koma Washington inawatulutsa gemu yoyamba yomwe ya ma playoffs. Zikuoneka kuti dzina limeneli kaya ndi pa bwalo kaya mu kompyuta silikupatsa chinthu usanakhetse thukuta ndi misozi.

Pano tili sizoni ya 14, kalendala ya mu gemu ikuti 2034. Osewera enieni amene ndinayamba nawo anatha onse, womaliza anali Sewell amene anapuma sizoni yathayi, nde pa anthu 53 a timu yanga palibe ndi mmodzi yemwe amene anabadwa kwa mayi. Koma ndimawadziwa mmodzimmodzi, uyu ndinamutola atatayidwa ndi Bears, uyu anathyoka mwendo nkubwerera, uyu amagwetsa mpira kukazizira ku Lambeau Field, bwalo la Packers. Kope lija linadzaza, ndili pa lachitatu. Mdala ali ndi zaka 32 ndipo manambala ake ayamba kutsika, dzanja lafooka. Sizoni isanayambe mwini wa Raiders anandipatsa ma pick awiri a round yoyamba kuti ndimupatse, pa masamu inali dilu yabwino ndipo anzanga ambiri anati tenga. Ndinaganiza masiku atatu nkukana. Ndinasintha kaseweredwe mmalo mwake, mipira yaifupi yambiri, kuthamanga nawo kwambiri, ndi defence yolimba kuti asamasenze katundu yekha.

Nde aise, ma status aja ndi amenewo. Tamaliza ndi mawini 12, tadutsa ma playoffs, ndipo gemu yomaliza ya NFC, mbali yathu ya ligi, tinakumana ndi Packers ya bambo aja anandiphunzitsa, tinawagonjetsa ndi mapointi atatu ndipo woyamba kundilembera anali iwo, akuti pita ukamalize. Super Bowl ili Loweruka lino 8 koloko usiku nthawi ya kuno, kumeneko ikhala 2 koloko mbandakucha wa Lamulungu, tikukumana ndi Ravens. Shifiti ndasinthana kale ndi mnzanga. Malangizo ndatumiza dzulo ndipo pa fourth down sindinasinthe, tilimbabe mtima.

Ndikutumizira link pa WhatsApp ndi ka ndalama ka bundle kuti netiweki isakhale chifukwa. Ndikudziwa kuti mmawa wake uli ndi tchalitchi koma ndikupempha udzuke, olo uone quarter yomaliza yokha, uyang'ane wa nambala 9 wavala buluu. Malamulo ndizikufotokozera pa chat gemu ili mkati. Upereke moni kwa alamu ndi ana, komanso kwa mayi ukapita kumudzi.

Ndine mnzako wakalekale,
wa ku Michigan