Lipoti la msonkhano wa fizikisi: kudutsa chotchinga kumatenga nthawi yaitali bwanji?

Apampando ndi aphunzitsi anzanga,

Zikomo pondituma ku msonkhano wa aphunzitsi a fizikisi ku Braamfontein, mu mzinda wa Johannesburg. Za silabasi ndidzanena tikakumana. Pano ndilembe za gawo lomwe linandigwira mtima, la quantum tunnelling.

Mukudziwa kale kuti elekitironi kapena atomu imatha kupezeka tsidya lina la chotchinga ngakhale ilibe mphamvu zochidumphira; imeneyi ndiye quantum tunnelling. Popanda zimenezi dzuwa silikanawala, ndipo flash yomwe timasungiramo mayeso sikanagwira ntchito. Koma m'chotchingamo imakhalamo nthawi yaitali bwanji? Katswiri wina dzina lake MacColl anafunsa funsoli mu 1932, ndipo mpaka pano akatswiri sanamange mfundo imodzi.

Mu 2019, ofufuza a ku Griffith University ku Australia anathothola elekitironi mu atomu ya haidrojeni ndi laser, n'kupeza kuti nthawiyo siposa ma attosecond 1.8. Attosecond ndi sekondi yogawidwa ka biliyoni, kagawoko n'kukagawanso ka biliyoni. Mu 2020, Aephraim Steinberg ndi anzake ku Toronto anapeza ma millisecond 0.61 (millisecond ndi sekondi yogawidwa ka 1,000). Iwowa anaziziritsa kwambiri maatomu a rubidium, n'kuwakankhira pang'onopang'ono ku chotchinga cha laser chochindikala ma micrometre 1.3 (micrometre ndi mita yogawidwa ka miliyoni). M'kati mwa chotchingamo mokha anaunikamo kuwala kogwira ntchito ya maginito. Atomu ikalowamo, spin yake, yomwe ili ngati kamaginito ka m'kati mwa atomuyo, imayamba kuzungulira ngati muvi wa wotchi. Ikangotuluka, muviwo umaima. Mmene wakhoteramo ndi nthawi yomwe atomuyo inakhala m'katimo. Wokamba nkhani anajambula muviwo pa bolodi n'kumausuntha ndi choko, ndipo ambiri tinamvetsa pamenepo.

Mphunzitsi wina wa ku Soweto anafunsa kuti wolondola ndani. Ine ndikuona kuti sakutsutsana. Tinthu take n'tosiyana, zotchinga n'zosiyana, ndipo njira iliyonse ikuyeza chinthu chakechake.

Chondidetsa nkhawa ndi ichi. Tinthu timeneti timayenda ngati funde, ndipo mu 1962 katswiri wina dzina lake Hartman anaonetsa kuti chotchinga chikachindikala kwambiri, nthawi yomwe nsonga ya funde imatulukira tsidya lina siwonjezekanso. Ana athu amakumana ndi zimenezi pa intaneti, n'kubwera m'kalasi akunena kuti liwiro la kuwala lapitiriridwa. Si choncho ayi. Fundelo limasintha kaumbidwe likamadutsa, koma palibe uthenga womwe umathamanga kuposa kuwala.

Ndikupempha komiti indipatse Loweruka limodzi ndi ana a Grade 12 kuti tikambirane zimenezi. Ndidzafuna projector, komanso mnzanga mmodzi wa masamu woti adzandithandize pofotokoza za mafunde.