Lipoti la msonkhano wa ofufuza za ma chemokine a mbewa

Kwa a Wapampando ndi mamembala onse a gulu lathu la ogwira ntchito m'malabu,

Zikomo pondituma kukaimira gulu lathu ku msonkhano wa ofufuza za chitetezo cha m'thupi umene unachitikira ku South Africa. Nkhani zinalipo zambiri, koma lipotili lakhazikika pa gawo limene munandituma kuti ndikalimvetsetse: ma chemokine a mbewa opangidwa mu labu, amene ofufuza amagula pofuna kuona mmene maselo oyera a m'magazi amayendera. Za kapezedwe ka ndalama za kafukufuku ndidzafotokoza pakamwa tikadzakumana.

Kwa anzathu amene sanagwirepo ntchitoyi, chemokine ndi puloteni yaing'ono kwambiri, yolemera pakati pa 8 ndi 12 kDa (muyezo wa kulemera kwa mapuloteni), imene maselo amatulutsa poitana anzawo. Pamene pali bala kapena tizilombo imakhala yochuluka, ndipo ukamatalikira imanka nichepa. Selo loyera limamva kusiyanako kudzera mu receptor yake, puloteni ya pakhungu la selo imene chemokine imagwirapo, n'kumalowera kochulukako, monga zimachitira nyerere zikanunkhiza shuga. Mwa munthu muli ma chemokine pafupifupi 50 ndi ma receptor pafupifupi 20. Amene timagulawa amapangidwa potenga jini ya mbewa, kutanthauza malangizo opangira puloteniyo, n'kuiika mwa bakiteriya wa E. coli, kenako puloteniyo amaiyeretsa, kuiumitsa kuti ikhale ufa, n'kuithira m'kabotolo. Makampani odziwika pa malondawa ndi monga PeproTech, R&D Systems ndi BioLegend.

Chimene ndikufuna tonse tichigwire ndi ichi: mbewa si munthu, ndipo ma chemokine ake sangoyenderana ndi athu dzina ndi dzina. Mwa munthu, puloteni yotchuka poitana ma neutrophil, mtundu wina wa maselo oyera, ndi CXCL8, imene ambirife tinaiphunzira ngati IL-8. Mbewa ilibe jini imeneyi n'komwe. Ntchitoyo imagwiridwa ndi CXCL1, CXCL2 ndi CXCL5 kudzera mu receptor yotchedwa CXCR2. Ndiye wina akamafunafuna IL-8 ya mbewa m'buku la kampani, akutaya nthawi. Komanso mbewa zakuda za mtundu wa C57BL/6, zimene zadzaza malabu ambiri padziko lapansi, sizipanga CXCL11 yogwira ntchito chifukwa jini yake inawonongeka. Maselo ake akhoza kuthamangira CXCL11 yogulidwa mukawayesa m'mbale, koma m'thupi la mbewayo simupezeka, kotero zotsatira zoterozo sizinena chilichonse cha zimene zikuchitika m'nyamamo.

Mayina nawo amasokoneza poitanitsa. Dongosolo la CXCL ndi CCL linakhazikitsidwa cha m'ma 2000, koma mayina akale sanafe. CXCL1 ya mbewa mudzaipeza yalembedwa KC, CXCL2 ndi MIP-2, CCL2 ndi JE kapena MCP-1, CXCL12 ndi SDF-1, CXCL10 ndi IP-10. Polemba fomu yogulira tizilemba mayina onse awiri, ndipo tizilembanso kuti ndi ya mbewa.

Kuyesa kwenikweniko tinakuona ndi maso. Njirayi inachokera kwa Stephen Boyden mu 1962, ndipo lero imachitika m'tizipinda tapulasitiki ta Transwell. Maselo amaikidwa m'chipinda chapamwamba, chemokine m'chapansi, pakati pali kansalu ka timabowo, ndipo pakapita nthawi mumawerenga maselo amene atsika. Kukula kwa timabowo kumatengera selo: 3 µm (micrometer) kwa ma neutrophil, 5 µm kwa ma lymphocyte ndi ma monocyte (mitundu inanso ya maselo oyera), 8 µm kwa maselo aakulu monga a khansa.

Apa ndi pamene panandisangalatsa. Munthu angaganize kuti ukathira chemokine yambiri ndiye maselo ayenda ambiri. Sizitero. Amachuluka mpaka pa mlingo wina, kenako amayamba kuchepa, chifukwa ma receptor onse akadzaza selo silidziwanso kolowera. Wofufuza amene wangoyesa mlingo umodzi waukulu akhoza kunena kuti puloteni yake ndi yakufa pamene vuto ndi kuthira mopyola. Choncho pafunika milingo ingapo, kuyambira wochepa kwambiri. Pafunikanso kuthira chemokine yofanana pamwamba ndi pansi m'zipinda zina. Maselo akatsikabe ngakhale palibe kusiyana, ndiye kuti angotekeseka n'kumayenda chisawawa, sakutsata njira. Ena amaonjezera pertussis toxin, poizoni amene amatseka uthenga wochokera ku ma receptor a chemokine ambiri, kuti atsimikize kuti kuyendako kwadzera mu receptor ndithu.

Panali kukangana pang'ono pa za endotoxin. Popeza puloteniyi imachokera mwa E. coli, tizidutswa ta khungu la bakiteriya tikhoza kutsalamo, ndipo ma monocyte ndi ma neutrophil amadzidzimuka nato ngakhale titachepa bwanji. Makampani ambiri amalonjeza zosakwana 1 EU (muyezo wa endotoxin) pa microgram iliyonse ya puloteni. Ena anati zimenezi n'zokwanira, ena anati ayi ngati mukubaya puloteniyo m'thupi la mbewa. Ine ndili mbali ya achiwiriwa, ndipo ndikupempha kuti tisamalandire kabotolo kopanda chikalata chake choonetsa zimene anapeza atayeza.

Za kasungidwe zikutikhudza kwambiri kuno kwathu. Ubwino wake, ufa wouma uja umapirira ulendo osazizira kwenikweni. Vuto limayamba ukausungunula. Kabotolo kayambe kazunguzidwa mu centrifuge tisanatsegule, poti ufawo ndi wochepa moti nthawi zina suoneka ndi maso ndipo umakanirira pa chivindikiro. Osakhutchumula mwamphamvu. Tithiremo BSA (puloteni ya m'magazi a ng'ombe) ya 0.1% kuti puloteni isamatirire ku pulasitiki, tigawe m'timachubu ting'onoting'ono toti chilichonse chigwire ntchito kamodzi, n'kusunga pa -20 °C kapena -80 °C. Kuuma ngati ayezi n'kusungunuka kawirikawiri ndiko kumaipha, ndiye ndi kuzimazima kwa magetsiku timachubuto tizikhala mu firiji imene ili pa jenereta basi.

Mwina wina afunsa kuti za mbewazi zitipindulira chiyani ife amene tsiku ndi tsiku tikuona ana odwala malungo. Mbewa za C57BL/6 zikapatsidwa tizilombo ta malungo totchedwa Plasmodium berghei ANKA zimadwala matenda ofanana ndi malungo a mu ubongo, ndipo CXCL9 ndi CXCL10, kudzera mu receptor ya CXCR3, ndiwo amakokera ma CD8 T cell, mtundu wa ma lymphocyte, ku mitsempha ya ubongo. Mbewa zopanda CXCR3 zambiri zimapulumuka. Kwa nthawi yaitali anthu ankakayika ngati izi zili ndi chochita ndi munthu, makamaka poti mwa ana chimene chimaoneka kwambiri ndi maselo ofiira ogwidwa ndi tizilombo atamatirira m'mitsempha ya ubongo, zimene mwa mbewa sizioneka chimodzimodzi. Koma kafukufuku wofalitsidwa mu 2020, woyang'ana ubongo wa ana amene anamwalira ndi matendawa ku Blantyre, anapezamo ma CD8 T cell m'mitsemphamo. Kukayikako sikunathe, komabe funsoli tsopano lili pakhomo pathu, ndipo odwalawo ndi athu.

Tikadzayamba kufananiza ndi magazi a anthu, tikumbukirenso kuti anthu ambiri a ku Africa kuno alibe Duffy pa maselo awo ofiira. Duffy nayo ndi receptor ya chemokine, yotchedwa ACKR1, ndipo kusowa kwake kumayendera limodzi ndi kuchepa kwa ma neutrophil m'magazi mwa anthu athanzi ndithu.

Pempho langa ndi loti tisamwaze ndalama pa ma chemokine ambirimbiri. Tigule CXCL10 ya mbewa, pamodzi ndi CXCL12 yoyesera ngati maselo athu akuyenda bwino poti ma lymphocyte ambiri ali ndi receptor yake, CXCR4, m'mabotolo aang'ono, n'kugawana pakati pa malabu amene akugwira ntchito ndi anzathu akunja osunga mbewa. A Wapampando, ndikupempha kuti nkhaniyi ilowe pa ndandanda wa msonkhano wathu wotsatira, ndipo tisankhe munthu mmodzi wosunga timachubuto ndi kaundula wake.

Ine nthumwi yanu.