Usanakwere Drakensberg, werenga kalatayi

Mwana wanga,

Kuno tadzuka bwino, mayi ako akupereka moni. Mlongo wako watiuza kuti mu July mukukwera mapiri a Drakensberg ku South Africa ndi anzako, mukagona m'tenti pamwamba pa chithanthwe chachikulu chotchedwa Amphitheatre. Kukwera phiri sindikukuletsa. Chandisowetsa tulo ndi chimene anawonjezera: akuti mnzako uja wakupezera thumba logonamo lotchipa pa intaneti, lolembedwa -10, ndipo iwe wakondwa kuti ndalama yatsala m'thumba. Iwe, pa zinthu zonse zimene ungaumire, wasankha kuumira pa chofunda?

Werengera wekha. Johannesburg ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, ndipo ukudziwa mmene umadandaulira ndi chisanu cha kumeneko uli m'nyumba. Kumene mukupitako ndi pafupifupi mamita 3,000. Munthu akakwera mamita 1,000, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6. M'nyengo ino usiku wa pamwamba apo umatha kufika -10 kapena kupitirira, madzi a m'botolo amauma gwa, chipale chimagwa, ndipo palibe mtengo woti n'kukutchingira mphepo. Ku Mulanje kuli nyumba zogonamo zokhala ndi moto. Ku Drakensberg n'kwina, ndi iwe ndi nsalu ya tenti basi.

Tsono nambala ya -10 ija. Thumba loyesedwa bwino limakhala ndi chizindikiro cha ISO 23537, kapena chakale cha EN 13537, ndipo limalembedwa manambala atatu. Yoyamba ndi Comfort: pamenepo munthu wosachedwa kumva kuzizira amagona momasuka, atatambasula miyendo. Yachiwiri ndi Limit: mwamuna wa thupi labwino amagona, koma atadzipinda ngati nkhuku yonyowa. Yachitatu ndi Extreme, ndipo imeneyi si ya tulo ayi. Imangonena kuti mwina ungafike m'mawa uli moyo, utanjenjemera usiku wonse, zala zili pangozi. Ogulitsa zotchipa amakonda kulemba yachitatuyi m'zilembo zikuluzikulu, ena amangolemba nambala ya m'mutu mwawo popanda kuyesa kulikonse. Thumba la mnzakolo likapezeka ndi nambala imodzi yokha, lisiye. Iwe uyang'ane Comfort, ndipo ikhale -10 kapena kutsika pang'ono. Usandiuze za Limit. Kuyambira uli wamng'ono mapazi ako ankazizira ngati mwala wa m'mtsinje, mayi ako ankakuveka masokosi awiri ngakhale mu September. Thupi ndi lomwelo.

Thumba silipanga kutentha. Limangosunga kumene thupi lako latulutsa, mu mpweya wotsekeredwa m'kati mwa zofewa zake. Choncho likayalidwa lizifufuma. Lopyapyala ngati chitenje ndi lopyapyala basi, kaya alembapo chiyani. Za m'kati zilipo mitundu iwiri. Nthenga zofewa za bakha kapena tsekwe, zimene m'sitolo amati down, ndi zopepuka, zimafinyika n'kukwana pang'ono m'chikwama, ndipo zimakhalitsa zaka. Pa izi ufunse fill power, nambala yosonyeza mmene nthengazo zimafufumira, ikhale kuyambira 650 kukwera, ufunsenso kuti nthengazo ndi magalamu angati, chifukwa nthenga zabwino zikachepa sizifunda. Vuto lake n'lakuti zikanyowa zimamatana n'kusanduka zibuluma, kufunda kwatha, ndipo siziuma msanga. Mtundu wina ndi wa ulusi wa kufakitale, synthetic: wolemera, wodya malo, koma wotsika mtengo ndipo ukanyowa umafundabe pang'ono. Ngati ndalama yavuta, gula wa ulusi woyesedwa bwino, unyamule kulemerako, uli ndi msana. Usagule wabodza chifukwa choti ndi wopepuka. Ndipo kaya usankha uti, ulowetse m'pulasitiki wolimba usanauike m'chikwama.

Safunsa anadya phula. Pita ku sitolo ya zinthu za kumapiri, uvule nsapato, ulowemo m'thumbamo anthu akuona. Manyazi ako aja uwasiye kunyumba. Sankha lopanikiza kumapazi, lotakasuka m'mapewa, limene amati mummy, osati la makona anayi, chifukwa malo opanda kanthu thupi lako liyenera kuwatenthetsa usiku wonse. Koma lisathine: zala zikamakankha kumapeto, zofewa zija zimafinyika ndipo chisanu chimalowera pomwepo. Likhale ndi chipewa chokoka ndi chingwe mpaka kutsala mphuno ndi pakamwa, kolala yofufuma yozungulira khosi, ndi mkombero wofewa wotsata zipi m'kati. Zipiyo uitsegule ndi kuitseka uli m'katimo kangapo. Ikamagwira nsalu masana m'sitolo, mumdima zala zitauma idzakuliza.

Ndikudziwa kuti mnzakoyo sanakuuze za pansi. Kumsana kwako thumba limafinyika, ndiye nthaka yozizira imayamwa kutentha ngati mchenga umayamwira madzi. Manambala ndakuuza aja amayesedwa thumba lili pa mati wabwino woyala pansi pogona. Mati amalembedwa R-value, nambala yosonyeza mmene amatchingira kuzizira kwa pansi, ndipo wako akhale 4 kapena kuposa. Wa siponji wamba amakhala pafupifupi 2, koma ukasanjikiza awiri manambala amaphatikizana. Ukatenga wopopa, uike wa siponji pansi pake, kuti akaphulika usagone pa mwala.

Pogona uvule zonse zonyowa ndi thukuta, uvale zouma zimene wasungira tulo pokha, masokosi ouma ndi chisoti. Udye chakudya chotentha, chamafuta, mtedza ungathandize. Thira madzi otentha m'botolo lolimba lotseka bwino, ulivale sokosi, uliike pakati pa ntchafu. Ndipo usabise mutu m'katimo monga unkachitira ndi bulangeti lija la mizeremizere. Mpweya wa m'kamwa ndi chinyezi, umanyowetsa nthenga.

Za botolo linalo ndinenanso, ukwiye ukwiye. Mowa umatsegula mitsempha ya pakhungu, umamva ngati watenthedwa pamene kutentha kukuthawa m'thupi. Mnzako uja ndikumudziwa. Akatulutsa kabotolo pamwamba apo, ukane. Musayatsenso sitovu m'tenti yotseka, imapha mwakachetechete ngati mbaula ya makala m'chipinda. Wina mwa inu akayamba kulankhula ngati woledzera asanamwe, kupunthwa, kulephera kumanga zipi, ndiye kuti thupi lake lazizira kutsika pa madigiri 35. Akasiya kunjenjemera akadali wozizira, zafika poipa. Muvuleni zonyowa, mumuike m'thumba louma pa mati, ngati akutha kumeza mumpatse chakumwa chofunda cha shuga, ndipo muitane thandizo. Musanayambe kukwera mulembe mayina ndi njira yanu m'buku la pachipata.

Ndabwereranso pa ndalama paja. Mayi ako ati atapa pa ya mtedza, ine ndiwonjezera, tikutumizira sabata ino. Si ya mafuta a galimoto ya anzako, ndi ya thumba ndi mati. Ukafika m'sitolo ujambule chikalata cha manambala atatu chija unditumizire pa WhatsApp usanalipire, ndione Comfort ndi maso anga. Thumbalo ukalibweretsa kunyumba usalisunge lofinyidwa m'kathumba kake, ulipachike kapena uliyale pansi pa bedi, ndipo ugonemo usiku umodzi pakhonde tsiku la ulendo lisanafike.

Ine bambo ako.