Kutopa kosatha kungachokere ku tiziwalo ta pamwamba pa impso

Akonzi,

Ndiloleni ndikumbutse owerenga za tiziwalo tiwiri totchedwa adrenal, timene timakhala pamwamba pa impso ndipo timatulutsa mahomoni (timadzi toyenda m'magazi tolamulira ntchito za thupi) monga cortisol ndi aldosterone, omwe amathandiza kuwongolera shuga, mchere ndi kuthamanga kwa magazi.

Tiziwaloti tikalephera kutulutsa mahomoni okwanira, munthu amadwala matenda a Addison, omwe dokotala wa ku London, Thomas Addison, anawafotokoza mu 1855. Amayamba chitetezo cha m'thupi chikaukira tiziwaloti, kapena chifuwa chachikulu chikatiwononga. Wodwala amatopa, amaonda, amamva chizungulire akangoimirira, amalakalaka mchere, ndipo khungu limada, makamaka m'mizere ya zikhatho ndi m'nkhama. Popeza zizindikirozi zimabwera pang'onopang'ono, ambiri amangoti n'kutopa wamba. Atayezedwa magazi, wodwala amapatsidwa hydrocortisone ndi fludrocortisone, mankhwala olowa m'malo mwa mahomoni osowawo, ndipo amamwa mankhwalawa moyo wake wonse.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi cortisol wochuluka, vuto lotchedwa Cushing, lomwe kawirikawiri limadza chifukwa chomwa kwa nthawi yaitali mankhwala ogwira ntchito ngati cortisol, monga prednisolone, ngakhale chotupa chingaliyambitsenso. Nkhope imakhala yozungulira, mimba imakula pamene miyendo ikuwonda, ndipo shuga amakwera. Ena amasangalala poganiza kuti anenepa, kumene kuli kudzinamiza. Choopsa n'chakuti kusiya mankhwalawa mwadzidzidzi kungaphe munthu, chifukwa tiziwaloti timakhala titasiya kugwira ntchito mokwanira, n'chifukwa chake dokotala amachepetsa mlingo pang'onopang'ono.

Ine wanu,
Wowerenga