Lipoti la nthumwi: mmene Nintendo inkaimbira nyimbo ndi njira zisanu zokha

Wapampando ndi mamembala nonse a gulu lathu la opanga nyimbo pa kompyuta, nali lipoti la msonkhano wa nyimbo za m'magemu umene munatituma. Mitu inali yambiri, koma tatola wa Nintendo chifukwa ndi umene uli ndi phindu pa ntchito yathu.

Pa mbiri sitichedwapo. Fusajiro Yamauchi anayambitsa Nintendo mu 1889 mumzinda wa Kyoto ku Japan, akupanga makhadi osewerera otchedwa hanafuda. Zamagetsi zinabwera mu nthawi ya Hiroshi Yamauchi: Game & Watch mu 1980, Famicom (makina a magemu olumikiza ku TV) mu 1983, yomwe inafika ku America mu 1985 ndi dzina la NES. Koji Kondo analowa ntchito mu 1984, ndipo Super Mario Bros., gemu imene anaipekera nyimbo, inakwana yonse mu 40 KB, zithunzi ndi nyimbo zomwe.

Mawu a Famicom amachokera mu chip ya Ricoh 2A03, ndipo ili ndi njira zisanu zotulutsira mawu, iliyonse liwu limodzi pa nthawi imodzi. Ziwiri ndi za pulse, zonyamula nyimbo yeniyeni. Kukweza kwake n'kuyambira 0 mpaka 15, ndipo kamvekedwe mumasankha posintha kutambalala kwa funde la mawu, pa 12.5, 25, 50 kapena 75 peresenti, ngakhale kuti 25 ndi 75 khutu silizisiyanitsa. Yachitatu ndi triangle, ya besi. Iyi ilibe pokwezera kapena potsitsira: ikulira kapena yangoti zii, choncho musavutike kufuna kuti besi izilala pang'onopang'ono. Mukaipatsa nambala ya noti yofanana ndi ya pulse, imalira octave imodzi pansi, ndipo apa m'pamene ongoyamba kumene amasokonezera nyimbo. Yachinayi ndi noise, ya ng'oma ndi kuphulika. Yachisanu, DPCM, imaseweretsa mawu ojambulidwa, koma osaposa mabayiti 4,081 nthawi imodzi. Pa liwiro lapamwamba, limenelo ndi sekondi imodzi yosakwana bwino.

Nanga chord ya manoti atatu inkatheka bwanji, pulse zili ziwiri? Ankasinthasintha manotiwo pa njira imodzi, kamodzi pa frame iliyonse (chithunzi chimodzi cha pa sikirini), ndiye kuti ka 60 pa sekondi, khutu n'kumva ngati akulira pamodzi. Echo ankaipanga pobwereza nyimbo yomweyo pa pulse yachiwiri, mochedwerako ma frame angapo ndi motsitsa mawu. Komanso phokoso la kudumpha kapena kutola ndalama lilibe njira yakeyake, limalanda imodzi mwa zisanuzi. Wopeka wanzeru ankakonza nyimbo yoti imvekabe ngakhale liwu limodzi litasowa kwa kanthawi. Kwa ife, phunziro lalikulu la msonkhano wonse linali limeneli.

Zovuta zimene zinafotokozedwa ndi zenizeni. DPCM ikamatenga bayiti nthawi imene gemu ikuwerenga mabatani, 2A03 imadumpha biti imodzi, munthu wa m'gemu n'kuyenda yekha osamukhudza. Mankhwala ake ndi kuwerenga mabatani kawiri kapena kuposa mpaka mayankho afanane. Vibrato, kunjenjemera kwa liwu, nayo imathetheka ikadutsa malire amene amafuna kulembanso bayiti yapamwamba ya noti, chifukwa kutero kumayambitsanso funde la mawu pachiyambi. Sunthani kiyi kapena chepetsani vibratoyo. Makina a ku Ulaya a PAL ali ndi chip ya 2A07, yoyenda pa 1.66 MHz m'malo mwa 1.79 MHz ndi ma frame 50 m'malo mwa 60, choncho nyimbo yosakonzedwa imachedwa ndi pafupifupi 17 peresenti ndipo imatsika mawu. Makina ambiri otengera Famicom amasinthanitsanso kamvekedwe ka pulse ka 25 ndi ka 50 peresenti. Musayesere nyimbo yanu pa amenewo n'kuganiza kuti mwalakwitsa ndinu.

Katiriji ya Famicom, kabokosi komwe mumakhala gemu, ili ndi mapini 60, ndipo awiri mwa iwo amalola chip ya m'katiriji kuwonjezera mawu. Kampani ya magemu ya Konami inapezerapo mwayi ndi chip ya VRC6, yowonjezera pulse ziwiri ndi sawtooth. NES ya mapini 72 inalibe njira yotulutsira mawu amenewa, n'chifukwa chake gemu imodzi yomweyo imamveka yonona ku Japan koma yowonda ku America.

Super Famicom ya 1990 inasintha zinthu: mbali ya mawu inapangidwa ndi Sony motsogozedwa ndi Ken Kutaragi, njira zisanu ndi zitatu za mawu ojambulidwa pa 32 kHz. Msampha wake ndi memory ya 64 KB, momwe mumakhala pulogalamu, manoti, zida zoimbira ndi echo. Echo imadya 2 KB pa mamilisekondi 16 alionse, ndipo yaitali kwambiri, ya 240, imatenga 30 KB. Mukaiika molakwika imalemba pamwamba pa zida zanu, nyimbo n'kusanduka phokoso.

Tikupempha komiti kuti pa maphunziro akubwerawa aliyense aike FamiTracker, pulogalamu yopekera nyimbo za Famicom yomwe ndi yaulere, pa kompyuta yake, apeke nyimbo ya masekondi 30 pa njira zinayi popanda DPCM, kenako tidzazimitse pulse imodzi ndi kumvetsera ngati nyimboyo ikuimabe.